Theka Labwinolo

Mwanayo ankamutchula kuti Kabatani chifukwa tsiku lina, akukwawa pansi pa makina osokera, anameza batani la shati ya kasitomala. Aliyense anati lituluka lokha. Make sanatsutse, koma anatenga kamtengo n'kumafukula m'poti mpaka analiona ndi maso ake. Analitsuka ndi sopo n'kulisokerera pa shati paja, ndipo mwiniwake amaivalabe mpaka pano. Make Kabatani anali munthu wotero. Chinthu chikakhala m'thupi la mwana wake, iye ankafuna kudziwa kuti chili pati.

Mwamuna wake anali wometa, mwana mmodzi yekha wa makolo ake, ndipo onse ankakhala m'nyumba imodzi yokhala ndi khitchini yopanda chitseko. Apongozi aamuna, omwe aliyense ankawatchula kuti Madala, anali atapuma pa ntchito yoyendetsa lole. Apongozi aakazi sanapume pa ntchito iliyonse, chifukwa ntchito yawo inali mwana wawoyo. Wometa ali wamng'ono, mankhwala akakhala owawa, mayi akewo ankamumwera kuti Madala akafika apeze botolo latsika. Pamzere wa chiphaso anamuimira. Ngakhale tsiku limene Wometa anakafunsira Make Kabatani pakhonde la telala, mayi ake anali tsidya la msewu atagwira ambulera, kuti akakanidwa asabwerere yekha.

Matenda a Madala anayamba ndi msana. Anati ndi zaka za pampando wa lole. Kenako thalauza linayamba kuvuka lokha, ndipo Make Kabatani ankawaboolera mabowo atsopano pa lamba ndi msomali wotentha. Tsiku lina Wometa akuwameta ndevu pakhonde, anaimitsa lumo n'kunena kuti maso a bambo akewo asanduka achikasu ngati mkati mwa dzira.

Kuchipatala anati ndi khansa ya kapamba, ndipo anawagoneka. Adokotala, mayi wa magalasi omangirira chingwe m'khosi, anafunsa ngati wina kubanjako anadwalapo chotere.

“Mng'ono wanga anapita ndi maso achikasu asanamere imvi,” anatero Madala. “Amayi anganso chimodzimodzi. Ife tinkangoti ndi mmene timafera a kwathu.”

Adokotala anatenga magazi. Patapita masabata anaitanitsa banja lonse m'kachipinda kokhala ndi mipando yoperewera ndi fani yotembenuza mutu popanda mphepo. Make Kabatani anaima pakhomo, mwana kumsana.

“Thupi lathu lapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono, maselo,” anatero adokotala. “Selo lililonse lili ndi malangizo mkati mwake. Ife timati majini. Ena mwa malangizowo amati: ukawonongeka moti sungakonzeke, ufe, upereke malo kwa anzako. Ndipo maselo amafadi tsiku ndi tsiku, ife osadziwa.”

“Ndiye a bambowa akufa kwambiri?” anafunsa Wometa.

“Ayi. Akukana kufa. Vuto ndi limenelo.”

Madala anakanda ndevu. “Ndiye kuti ine ndikufa chifukwa iwowo sakufa?”

“Tingatero.”

“Mwano,” anatero Madala.

Adokotala anafotokoza kuti kwa anthu ambiri malangizowo amawonongekera m'njira, ndi ukalamba, ndi fodya, nthawi zina ndi tsoka chabe, ndipo pamafunika angapo kuti matenda ayambe: lina louza selo kuti lizingoswana, lina lotseka mawu aja akuti ufe. Koma m'magazi a Madala anapeza limodzi limene anabadwa nalo lili lowonongeka kale, lomwe ntchito yake n'kuona kuti mkati mwa selo mwaphwanyika n'kuitana ena.

“Munthu amalandira malangizo awiriawiri, theka kwa bambo, theka kwa mayi. Ukalandira lowonongeka kwa kholo limodzi, umatsala ndi la kholo linalo. Likadzawonongekanso limenelo m'selo lina, palibenso woitana.” Anatembenukira kwa Wometa. “Inu mwina munatengera, mwina ayi. Zili pakati ndi pakati. Tikadziwa, tikhoza kumakuunikani matenda asanayambe kulankhula.”

“Nanga uyu?” anafunsa Make Kabatani, akutembenuka kuti adokotala aone mwana kumsanako.

“Ngati bambo ake alibe, iyenso alibe, nkhani yathera pomwepo. Ngati ali nalo, ndiye pakati ndi pakatinso.”

“Tidziwa bwanji?”

“Malovu basi.”

Namwino anabweretsa kabotolo ka chivindikiro chabuluu kokhala ndi mzere pakati, n'kumatapo dzina la Wometa. Anati alavuliremo mpaka pamzerepo, koma akhale atatha theka la ola osadya, osamwa, osasuta. Wometa anati wangosuta kumene pageti. Namwino anati adikire. Wometa anati makasitomala akumudikira, wina anamusiya mbali imodzi. Namwino anayang'ana mzere wa odwala pakhonde n'kunena kuti apite nako, akabweze mawa.

M'mawa mwake kabotolo kanali m'chikwama cha apongozi aakazi, kokulungidwa m'mpango. Iwo ndiwo ankapita kuchipatala tsiku lililonse, ndiye anati akasiya ndi iwo. “Walavulira kuntchito dzulo,” anatero. Make Kabatani anakatenga n'kukayang'ana kuwindo. Malovu anali pamzere penipeni. Anakabweza m'mpango n'kupita kukapinda mathalauza.

Masabata otsatirawo ankamusambitsa Kabatani pang'onopang'ono kuposa kale. Mphuno inali ya mayi, zala za kuphazi za mayi. Makutu okha anali a Wometa, otambalala ngati zogwirira poto, ndipo a Wometawo anali a Madala. Make Kabatani ankadziwa kuti makutu si kapamba. Ankawayang'anabe.

Foni ya Wometa inali yosweka galasi, choncho kuchipatala anasiya nambala ya mkazi wake. Namwino anaimba masana, Make Kabatani ali ndi mapini pakamwa.

“Mayi, auzeni amuna anu abwerenso. Tiyambirenso.”

“Kanatayika?”

“Ayi, kanafika bwino.”

“Ndiye chavuta n'chiyani?”

Namwino anakhosomola. “Ku labotale akuti malovuwo ndi a munthu wamkazi.”

Make Kabatani anachotsa mapini pakamwa n'kuwabaya pa kathumba kake limodzilimodzi. Iye sanalavule m'botolo lililonse. Kuntchito kwa Wometa kunali mkazi mmodzi, woluka tsitsi kuseri kwa katani, yemwe ankaseka chilichonse chimene Wometa wanena, ngakhale akanena kuti magetsi athima. Za amuna oyendayenda Make Kabatani anazimvapo zamitundumitundu pakhonde la telala, koma zolavulirana m'botolo anali asanazimve. Anamaliza kupinda mwendo wachiwiri wa thalauza, chifukwa mwiniwake ankabwera madzulo, kenako anabereka mwana n'kunyamuka.

Malo ometerawo anali kachipinda pakati pa wogulitsa matayala ndi wokonza mafoni. Munali galasi lalikulu lothimbirira m'makona, mpando womangidwa ndi waya, ndi zithunzi za mametedwe amene Wometa sanametepo munthu. Wometayo anali atapita kukagula malezala. Kuseri kwa katani Woluka anali atapanira mutu wa kasitomala pakati pa mawondo, chipeso pakamwa.

“Achemwali, ndingofunsa,” anatero Make Kabatani. “Munalavulapo m'botolo la amuna anga?”

Kasitomala anayesa kudzutsa mutu. Woluka anaubweza pansi ndi chikhatho n'kuchotsa chipeso pakamwa.

“Make mwana, ine pamoyo wanga ndachita zambiri, zina sindinganene mwana ali kumsana. Koma m'botolo la mwamuna wa munthu, ayi.” Anamanga ulusi n'kuudula ndi mano. “Dikirani. Kabotolo ka chivindikiro chabuluu?”

“Komweko.”

“Aaa, funsani agogo ake a mwanayo. Anabwera kuno ndi chakudya cha mwana wawo, anandipempha mpando kuseri kuno, n'kukhala chete ngati akupemphera. Ndinkangomva ptu, ptu. Anandifunsanso ngati thovu amaliwerengera.”

“Munawayankha chiyani?”

“Ndinati ine ndine woluka.”

Make Kabatani anathokoza, n'kuwonjezera kuti mzere wa kumbuyo kwa khutu wapindika. Woluka anayang'ana ndipo unali wopindikadi.

Apongozi anawapeza m'khitchini akusita mashati a Wometa, kuyambira makolala.

“Amayi, kabotolo kaja.”

“Kanakwana, eti? Ndinadzaza mpaka pamzere.”

Make Kabatani ankayembekeza kuti apongoziwo akana. Anatsitsa mwana n'kumupatsa chivindikiro cha poto kuti aziseweretsa.

“Akuti ndi malovu a mkazi.”

Simbi inaima. “Amaona zimenezonso? M'malovu?”

“Amaona.”

“Anthu amenewa,” anatero apongozi, n'kupitiriza kusita. “Koma munamva nokha, mpongozi. Anati theka ndi la bambo, theka ndi la mayi. La bambo ake ali nalo kale kumeneko, analitenga m'magazi, n'lowonongeka. Ine ndapereka langa. Labwinolo. Akaphatikize okha, si ndi ophunzira?”

“Siziyenda choncho, amayi. Akufuna zimene zili mwa iyeyo.”

“Zimene zili mwa iyeyo ndikuzidziwa ine. Ndinamunyamula m'mimba muno. Mwana ameneyu amakomoka ndi jakisoni. Chiyambire tsiku lija sakumaliza chakudya. Mukufuna amuuze kuti ali ndi imfa m'mimba, kenako mukamutume kukagwira lumo pakhosi pa anthu?” Anatembenuza shati. “Ndi mwana wanga.”

“Inenso ndili ndi mwana,” anatero Make Kabatani.

Kabatani anamenya chivindikiro pansi. Apongozi anamuyang'ana mdzukulu wawoyo, makamaka makutu, kenako anabwerera pa kolala yomwe anali ataisita kale.

Wometa anafika dzuwa likupendeka n'kukhala pakhonde kukung'untha tsitsi la anthu m'nsapato. Mkazi wake anakhala pambali pake.

“Bambo ake, munkadziwa?”

“Ine ndinangowapatsa kuti andisungire.”

“Ndiye mutakaona kodzaza munaganiza kuti kunagwa mvula?”

Wometa anaika nsapato pansi.

“Inu simukudziwa ntchito yanga,” anatero. “Tsiku lonse ndimaima kutsogolo kwa galasi. Kasitomala amayang'ana mutu wake, ine ndimayang'ana maso anga. Babu lija ndi lachikasu. Dzana ndinamumeta munthu nsidze. Panopa sindikudziwa, ndiye ndimati mwina ndi babu. Akandiuza kuti ndili nalo, ndidzati ndi chiyani?”

“Sinthani babu.”

“Mukuona ngati ndikuseka.”

“Sindikuseka. Mawa ndigula loyera.”

Analiguladi, n'kukaliika yekha atakwera pampando wa waya uja. Koma za kabotolo sanamukakamizenso. Ankamudziwa mwamuna wake: ukamukankha amapita kukaima kumbuyo kwa mayi ake. M'malo mwake anaphika tiyi, n'kupita kuchipatala nthawi imene apongozi ankakhala kumsika.

Madala anali atatsamira mapilo, manja ataonda ngati timitengo ta ambulera. Make Kabatani anagwada pambali pa bedi n'kuwauza zonse, kuyambira foni mpaka thovu. Madala anaseka mpaka ululu unawagwira, anapuma, n'kusekanso pang'ono.

“Mayi ake aja anamumwera mankhwala a njoka za m'mimba,” anatero. “Njoka zawo zinafa. Za mwana zinanenepa.”

“Ndichite bwanji, abambo?”

Madala anapapasa chibwano. “Ndevuzi zakula, mpongozi. Anamwino ayamba kundiopa. Muuzeni abwere ndi lumo mawa m'mawa.”

“Asanamwe tiyi,” anatero Make Kabatani.

“Zimenezo ndi za inu.”

M'mawa mwake makala anapezeka anyowa. Palibe anadziwa kuti anyowa bwanji. Apongozi anafuna kukapempha moto kwa aneba, koma Make Kabatani anati nthawi yoona odwala itha. Panjira Wometa anatulutsa ndudu n'kupapasa matumba onse. Machesi anali m'kamisolo ka mkazi wake, ndipo anakhala momwemo.

Pakhomo la wodi, Make Kabatani anamasula mwana n'kumupereka kwa apongozi.

“Akuti ana asalowe lero. Mugwireni, amayi. Akayamba kulira muziyenda naye, akaima amalira kwambiri.”

Wometa anakoleka thaulo m'khosi mwa bambo ake, anapaka sopo, n'kuyamba kumeta kuchokera m'munsi mwa khutu. Manja ake sankanjenjemera akagwira lumo, chimenecho ngakhale mkazi wake ankavomereza. Khungu linali litalendewera moti ankachita kulikoka ndi zala ziwiri. Odwala a mabedi oyandikana ankaonerera, wina anafunsa mtengo.

Atamaliza, Madala anatulutsa dzanja m'bulangeti. Munali kabotolo katsopano ka chivindikiro chabuluu. Namwino anali ataima kale kumapazi kwa bedi, manja atapinda.

“Iwe,” anatero Madala, “ine munda sindikusiyira, lole inali ya eni. Ndinakupatsa makutu, amenewo tikuwaona tonse. Chinacho sindikudziwa ngati ndinakupatsa. Ine anandipeza mochedwa chifukwa panalibe wondiuza koyang'ana. Tenga.”

“Bambo, ndichita mawa.”

“Mawa ndi lako. Ine ndikufuna ndione lero.”

Wometa anayang'ana kukhomo. Pagalasi la chitseko mayi ake ankadutsa ndi mwana, kupita, kubwera, khosi litatembenukira mkati. Anapukuta lumo, analipinda, n'kulandira kabotoloko. Anakaika pakamwa n'kuyesa. Panalibe kanthu. Anayesanso, tsaya likuphwa. M'kamwa munali mouma ngati m'thumba la simenti.

“Mwaona,” anatero. “Thupi lakana.”

Make Kabatani anatsegula chikwama n'kutulutsa ndimu ndi kampeni.

“Sakuyenera kudya chilichonse,” anatero namwino.

“Sadya. Ndidya ndine.”

Anaima kutsogolo kwa mwamuna wake, anadula ndimuyo pakati, madzi akuyenderera pa chala, n'kuyamba kuyamwa pang'onopang'ono akumuyang'ana m'maso, nkhope osakwinya ngakhale pang'ono. Wodwala wa bedi lachiwiri anameza malovu mokweza. Namwino anayang'ana kumbali. Wometa anawerama n'kulavula.

Zinatenga ndimu yonse. Namwino anatseka kabotoloko, anakaika m'thumba la yunifolomu yake, n'kutuluka nako pakhomo lina.

Zotsatira zinabwera Madala ataikidwa kale m'manda. M'kachipinda ka fani muja mipando tsopano inakwana. Adokotala anavula magalasi n'kunena kuti Wometa anatengera.

Make Kabatani anamva mwana kumsana akulemera ngati wawonjezeka. Anamukweza, anamangitsa nsalu, n'kufunsa.

“Ndiye akudwala?”

“Ayi. Ambiri amene ali nalo sadwala n'komwe matendawa. Koma mpata wake ndi waukulu kuposa wa anthu ena. Fodya asiye lero. Ndipo popeza bambo ake aang'ono anapita akadali achichepere, tiyamba kumuunika chaka chino, kenako chaka ndi chaka.”

“Nanga uyu?”

“Uyu panopa palibe chochita. Ali mwana palibe chimene tingasinthe. Akadzakula mudzamuuze, adzasankhe yekha kuyezetsa.”

Make Kabatani sanakonde yankho limenelo. Akanakonda kamtengo ndi poti. Koma tsopano ankadziwa chimene chinali m'nyumba mwake, dzina lake, ndi khomo loti azigogoda. Anapempha adokotala abwereze dzina la jinilo mpaka analiloweza ngati muyezo wa m'chiuno wa kasitomala. Ali pageti anatenga paketi ya ndudu m'thumba la Wometa n'kuiponya m'ngalande. Apongozi anaona, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwire mpongozi wawo, sanamuikire kumbuyo mwana wawo.

Tsiku la kuunikidwa koyamba anauzidwa kuti Wometa abwere osadya. Apongozi nawonso sanadye. Anavala diresi lawo lopanda zipi, ndolo anasiya kunyumba, chifukwa anali atafunsa kale kuti m'makinamo simulowa chitsulo. Anakhala pa benchi onse, moyang'anizana ndi chitseko cholemera. Chikatseguka pankaoneka makinawo, chimphako choyera chokhala ndi kabedi kolowa mkati.

Wounika anatuluka n'kuitana dzina la Wometa. Apongozi anaimirira poyamba.

“Achimwene, mwanayu amaopa malo opanikiza,” anatero. “Ali wamng'ono anakomokera m'kabati. Ine ndine mayi ake, sindinadye kanthu. Thekalo—”

Make Kabatani anali atayamba kale kumasula mwana kumsana. Koma Wometa anaimirira, nkhope ili mbuu, anavula jekete n'kulipinda pakati.

“Amayi, ndigwirireni ili.”

Apongozi analandira jekete. Analiyang'ana, anayang'ana chitseko chikutsekeka, n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Patapita kanthawi anayamba kulipapasa, n'kupeza batani limodzi likulendewera pa ulusi.

“Mpongozi, muli ndi singano?”

Make Kabatani anali nayo.